Burashi yometera ikamathothoka: chilema n'cha fakitale kapena ndi kasungidwe?

Masiku a malipiro m'maesiteti a tiyi ku Thyolo, ometa a m'dera la Mfumu Nchilamwela amachulukidwa ntchito, ndipo ogulitsa zipangizo zometera nawo amapha makwacha. Koma katundu mmodzi amayambanitsa ogula ndi ogulitsa kawirikawiri: burashi yopakira thovu la sopo ku ndevu. Ikayamba kusiya ubweya pankhope pa kasitomala, wometa amaibweza kwa amene anamugulitsa, mkangano n'kubuka. Wamalonda wodziwa chomwe chimathothola burashi sataya mpamba wake, komanso sataya kasitomala.

Ubweya wa burashi umamangidwa kukhala mtolo umodzi, kenako tsinde la mtolowo limamatidwa ndi guluu m'chogwirira. Ubweyawo umakhala wa nkhumba, wa hatchi, wa kanyama kotchedwa badger, kapena wa nailoni. Wa nailoni suyamwa madzi, choncho umauma msanga. Wa nkhumba umayamwa madzi ambiri ndipo umathyoka ukagwiritsidwa ntchito usananyowe bwino.

Burashi yatsopano ikataya titsitsi tingapo masiku oyambirira, palibe chodabwitsa: ndi ubweya womwe sunagwire guluu popanga. Kuthothokaku kumachepa tsiku ndi tsiku mpaka kusiyiratu. Chilema chenicheni chimadziwika ndi zinthu zitatu: ubweya ukuchoka wambiri nthawi imodzi, kuthothoka sikukuchepa patatha sabata ziwiri, kapena mtolo wonse ukugwedera m'chogwirira. Pamenepo guluu anachepa kapena sanagwire, ndipo palibe chomwe wometa angachite kuti ikhale bwino.

Nthawi zina wolakwa ndi mwini burashi. Madzi owira amafewetsa guluu. Kuviika burashi yonse m'kapu tsiku lathunthu kumaoletsa tsinde. Kuikanikiza kwambiri pankhope kapena kuipotokola poifinya kumathyola ubweya. Ku Thyolo kuno, nyengo ya chiperoni mu June ndi July zinthu zimachedwa kuuma, ndiye burashi yotsekeredwa m'dilowa ili yonyowa imachita nkhungu. Yofunika kuitsuka ndi madzi ofunda, kuikutumula, n'kuiika pamalo opita mphepo.

Kusiyanitsa n'kosavuta. Tsitsi lothothoka lathunthu, lotalika mofanana ndi linzake, likusonyeza kuti vuto ndi guluu. Tizidutswa tifupitifupi tikusonyeza kuti ubweya ukuthyoka chifukwa cha kagwiritsidwe kapena kasungidwe.

Wopikula ku Limbe aziyesa katundu asanalipire. Agwire nsonga za ubweya ndi zala ziwiri n'kukoka pang'ono, apukutitse burashiyo pachikhatho kangapo, kenako agwedeze mtolo kuti amve ngati wakhazikika. Asayese yapamwamba yokha: atenge zitatu kapena zinayi m'malo osiyana m'katoni. Pa dazeni imodzi, zitatu zikabwezedwa ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a mpamba wa katunduyo lapita, osawerengera ya minibasi.

Asanachoke m'shopu, agwirizane ndi mwini wake za masiku omwe angabweze katundu wachilema, ndipo mgwirizanowo ulembedwe pa lisiti pomwepo. Lisiti isonyeze tsiku, dzina la katundu ndi kuchuluka kwake. Pobweza, atenge burashiyo, paketi yake, lisiti, ndi ubweya wothothokawo m'kapepala. Chithunzi cha pafoni chotumizidwa pa WhatsApp tsiku lomwe vuto laoneka chimathandizanso, chifukwa chimasonyeza kuti dandaulo silinachedwe. Kuti mtengo wa ulendo usadye phindu, ndi bwino kubweza pa ulendo wokapikula katundu wina, malinga ngati masiku a mgwirizano sanathe.

Malamulo nawo alipo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2003, ndipo mu 2024 linakhazikitsa lamulo latsopano la Competition and Fair Trading Act. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC mwachidule, lakhala likuchenjeza amalonda kuti zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa n'zosemphana ndi malamulo. Wokanizidwa kubweza katundu wachilema akhoza kukadandaula ku bungweli kapena kukapempha uphungu ku Consumers Association of Malawi. Kulikonseko, choyamba kufunsidwa ndi umboni woti anaguladi.

Lamulo lomweli limakhudzanso wa pabenchi. Wometa akabweza burashi yachilema, wogulitsa amusinthire kapena amubwezere ndalama mosavuta, iyeyo n'kukatsata kumene anapikula. Wometa ndi kasitomala wa chaka chonse: mawa adzafuna malezala, sopo, spiriti ndi mafuta a makina. Kumukana chifukwa cha burashi imodzi n'kutaya zonsezo, ndipo pamsika waung'ono mbiri siichedwa kufala.

Pogulitsa, wamalonda amuuze wogula mawu awiri okha: madzi akhale ofunda osati owira, ndipo burashi iziuma isanasungidwe. Amupatsenso sabata ziwiri zoyesera. Zikatero, yothothoka ikabwerera, aliyense amadziwa komwe vuto lachokera.