Kufunafuna Mwana—Kodi Mkristu Angafike Pati?

1, 2. (a) Kodi okwatirana osabala angayang'anizane ndi chitsenderezo chotani? (b) Kodi ndi funso lotani limene limabuka?

TALINGALIRANI za mwamuna ndi mkazi Achikristu okhala ku Turf, pafupi ndi mgodi wa platinamu wa Ngezi m'Zimbabwe. Agogo awo anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ya golidi, yonga wa Cam and Motor pafupi ndi Kadoma. Papita zaka 8 chikwatiranire, koma m'nyumba mwawo simunamvekebe kulira kwa khanda. Azakhali ayamba kutchula za fisi, mwambo wa kuloŵetsa mwamuna wina m'nyumba mwakabisira kuti apereke pathupi, umene anansi awo Achishona amautcha kupindira. Msuweni wawo wa ku Johannesburg akuti zimenezo nzachikale, pakuti lerolino madokotala akhoza kuika mluza m'mimba mwa mkazi wina amene angawabalire mwanayo.

2 Vuto limeneli nlofala. Mu 2023, World Health Organization inanena kuti pafupifupi munthu wamkulu 1 mwa 6 alionse amakhala wosabala panthaŵi ina ya moyo wake. Kulakalaka mwana nkwachibadwa ndipo nkoyenera. Hana wopembedzayo analira ndi kukana kudya chifukwa cha chisoni chimenechi. (1 Samueli 1:7) Komabe, kodi njira iliyonse yopezera mwana njovomerezeka kwa Mulungu?

Zimene Madokotala Akhoza Kuchita

3, 4. (a) Kodi luso la zamankhwala latheketsa chiyani? (b) Kodi chinachitika nchiyani ku New Jersey?

3 Pa July 25, 1978, ku Oldham, England, kunabadwa Louise Brown. Patrick Steptoe ndi Robert Edwards anali atatenga dzira la amake, nalisanganiza ndi ubwamuna wa atate wake kunja kwa thupi, nabwezera mluzawo m'chibaliro cha amakewo. Njira imeneyi, yotchedwa IVF, imachitidwa tsopano ngakhale ku Harare. Koma luso lomwelo linatheketsanso kuika mluza mwa mkazi wina. Mu 1987, Pat Anthony wa ku Tzaneen, South Africa, wazaka 48, anabala ana atatu a mazira a mwana wake wamkazi, ndiko kuti adzukulu ake enieni. Lamulo la ana la dzikolo la 2005 limaloleza kubalira wina mwana, malinga ngati khoti lalikulu lavomereza panganolo pasadakhale.

4 Komabe, pangano lolembedwa silingalamulire mtima wa nakubala. Mu 1986, ku New Jersey, United States, Mary Beth Whitehead, amene analonjezedwa $10,000 kuti abale mwana wa mwamuna wa mkazi wina, anakana kupereka khandalo. Mu 1988 khoti lalikulu la kumeneko linagamula kuti panganolo linali lopanda mphamvu, ngakhale kuti linasiya mwanayo m'manja mwa atate wake.

Kodi Baibulo Limanenanji?

5. Kodi nchifukwa ninji nkhani ya Hagara siili chitsanzo choti nkutsanzira?

5 Ena angaloze kwa Sarai, amene anapereka mdzakazi wake Hagara kwa Abramu kuti ambalire mwana. Koma onani kuti Yehova sanalamule zimenezo. Ndipo kodi chinatsatira nchiyani? Hagara anapeputsa mbuyake, Sarai anamsautsa, ndipo potsirizira pake Abrahamu anafunikira kuchotsa mdzakaziyo limodzi ndi mwana wake Ismayeli. (Genesis 16:1-6; 21:9-14) Ndiponso, Hagara anakhala mkazi wachiŵiri m'nthaŵi imene Mulungu analekerera mitala. Yesu anabwezeretsa muyezo woyambirira: mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, okhala thupi limodzi.—Mateyu 19:4-6.

6. Kodi ndi lamulo la mkhalidwe lotani limene limaika malire?

6 Chilamulo cha Mose chinaletsa mwamuna kupereka mbewu yake kwa mkazi wa mnansi wake. (Levitiko 18:20) Akristu sali pansi pa Chilamulo chimenecho, komabe chimasonyeza lingaliro la Mlengi: mphamvu za kubala za okwatirana nza aŵiriwo okha. Chotero, kaya wachitatuyo aloŵe m'nyumba usiku monga fisi kapena aloŵerere kupyolera m'chipangizo cha dokotala, mwa kupereka ubwamuna, dzira, kapena chibaliro, ukwatiwo sunasungidwe wosadetsedwa. (Ahebri 13:4) Chilolezo cha boma kapena cha achibale sichimasintha zimenezo.

7. Kodi okwatirana olingalira za IVF ayenera kupenda chiyani?

7 Bwanji ngati dziralo nla mkazi, ubwamunawo ngwa mwamuna wake, ndipo mluzawo udzaikidwa mwa mkazi yemweyo? Imeneyo ndi nkhani ya chikumbumtima cha aŵiriwo. Komabe, kaŵirikaŵiri madokotala amapanga miluza yambiri, nasunga yotsalayo m'chisanu choundanitsa. Popeza kuti Mulungu amaona moyo wa mluza kukhala wamtengo wapatali, Mkristu adzafunsa pasadakhale kuti: ‘Kodi ndi mazira angati amene adzasanganizidwa? Kodi yotsalayo idzachitidwa chiyani?’ (Eksodo 21:22, 23, Salmo 139:16) Ngati miluza ingapo yakula m'chibaliro, kuwononga ina mwadala ndiko kuchotsa mimba. Nkwanzerunso kuŵerengera mtengo, pakuti njirayi imadya ndalama zambiri ndipo kaŵirikaŵiri imalephera paulendo woyamba. (Luka 14:28) Zonsezo zisanachitike, onse aŵiri ayenera kukapimidwa, popeza kuti nthaŵi zambiri vuto limakhala mwa mwamuna, ndipo zochititsa zina nzochiritsika.

Kusabala Sindiko Temberero

8. Kodi mpingo ungathandize motani?

8 Zakariya ndi Elizabeti anafikira ukalamba opanda mwana, komabe Baibulo limawatcha olungama pamaso pa Mulungu. (Luka 1:6, 7) Chotero tisavulaze abale ndi alongo athu ndi mafunso kapena nthabwala ponena za kusabala kwawo. Amuna angatsanzire Elikana, amene anatonthoza Hana mmalo mwa kumpatsa liwongo. Ena apeza chimwemwe mwa kulera mwana wamasiye, monga momwe Moredekai analerera Estere. (Estere 2:7) Okwatirana onga a ku Turf aja angafunikire kupirira mawu oŵaŵa a achibale kwa zaka zambiri. Koma ngati akana fisi wamtundu uliwonse, adzakhala ndi chikumbumtima choyera, ndipo Yehova amalonjeza okhulupirika opanda ana dzina loposa ana aamuna ndi aakazi.—Yesaya 56:4, 5.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi tikuphunziranji pa zimene zinachitika m'nyumba ya Abrahamu?

□ Kodi nchifukwa ninji Mkristu amakana kubalira wina mwana kapena kubaliridwa?

□ Kodi ndi mafunso otani amene ayenera kufunsidwa ponena za miluza?