Zopanira Mawaya a Magetsi pa Ngolo: Mlimi Asankhe Zotani?

M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi a ZESCO anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku, anthu oculuka m'dziko la Zambia anatembenukira ku magetsi a dzuwa. M'boma la Chadiza, momwe midzi yambiri ya kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala iri kutali ndi mitengo ya magetsi, sola si cinthu cacilendo ai. Alimi ena amangirira batire, pampu ndi kabokosi ka magetsi pa ngolo ya ng'ombe, napita nazo kudimba m'mawa ndi kubwera nazo madzulo poopa mbala. Ena ali ndi ngolo zokokedwa ndi thirakitala, zimene ambiri azicha tilela, ndipo izi ziyenera kukhala ndi nyali kumbuyo poyenda pamsewu waukulu. Nzeru imeneyi njabwino ndithu. Koma pali kanthu kena kakang'ono, kotsika mtengo koposa zonse, kamene alimi kawirikawiri sakasamala: ndiko kopanira waya pamalo pamene waya alowa m'bokosi.

Waya wa m'nyumba akhala cete pacipupa zaka ndi zaka, palibe comugwedeza. Waya wa pa ngolo sapumula. Mwala uli wonse ndi dzenje liri lonse la m'misewu ya kumidzi zimugwedeza, ndipo pa ulendo umodzi wopita ku msika wa cimanga agwedezeka kosawerengeka. Tsono bokosi la magetsi likakhala lacitsulo, m'mphepete mwa cibowo colowera waya mukhala mwakuthwa ngati mpeni. Waya akangolowetsedwa wopanda comugwira, khungu lace lipalika pang'onopang'ono, monga cingwe ca ng'ombe cidyeka pa cikhomo. Tsiku lina mkuwa wa m'kati ukhudza citsulo.

Pamenepa ndi pamene anthu ambiri alakwa kuganiza. Iwo ati, popeza batire ya mavoti 12 siigwira munthu akakhudza mitu yace, ndiye kuti iribe ngozi. Nzoonadi kuti siigwira munthu monga acitira magetsi a ZESCO a mavoti 230, koma ngozi yace ndi moto. Batire ya galimoto ikhoza kutulutsa maampu mazanamazana pa kamphindi ngati mawaya ace awiri akhudzana, ndipo waya afiira ngati khasu la m'ng'anjo, khungu lace niliyaka. Ngakhale pa nchito ya masiku onse, mawaya a batire asenza katundu wolemera: pampu ya mawati 120 ikoka maampu 10 pa mavoti 12, pamene pa mavoti 230 ikadakoka monga theka la ampu imodzi cabe. Cifukwa cace polumikiza pakalekerera patentha msanga. Munthu aganize tsono za ngolo yodzala ndi thonje, kapena matumba a nshawa zouma, m'mwezi wa August mphepo iri kuomba. Zokolola za caka cathunthu zikhoza kutha ng'ombe zisanamasulidwe m'goli.

Copanira cabwino cigwira nchito ziwiri. Ciphimba mphepete yakuthwa ya cibowo kuti isakhudze waya, ndiponso cigwira waya zolimba pa khungu lace lakunja, kotero kuti munthu akakoka waya, kapena nthambi ya mtengo ikamukola, mphamvu yonse ithera pa copaniraco, yosafika pa tizitsulo tolumikiza m'kati mwa bokosi. Cina cimene copanira ca pa ngolo ciyenera kucita ndico kutsekereza pfumbi ndi madzi a mvula.

M'masitolo ogulitsa za magetsi, monga a ku Chipata, mupezeka mitundu ingapo. Pali zopanira zacitsulo zokhala ndi masikuluu awiri, zimene zifinya waya pakati pa tizitsulo tiwiri. Izi zinapangidwira waya waphanthiphanthi wa m'nyumba, pamalo ouma ndi osagwedezeka. Pa ngolo sizikhulupirika kwenikweni: akamanga mopitirira, citsulo cilowa m'khungu la waya, akamanga mocepa, masikuluu amasuka okha ndi kugwedezeka kwa ulendo, ndipo madzi alowa monga afuna. Mtundu woyenera ndi umene ogulitsa aucha gilandi. Ici ndi cibumbu ca pulasitiki yolimba, kapena ca mkuwa, cokhala ndi mphira yozungulira m'kati mwace. Cimangidwa pa cibowo ca bokosi ndi nati wa m'kati, ndipo popotokola cipewa cace cakunja, mphira ija ikumbatira waya mbali zonse mofanana, yosamucekera. Pa zina palembedwa cizindikiro ca IP ndi manambala awiri, monga IP65 kapena IP68. Nambala yoyamba inena za pfumbi, yaciwiri za madzi, ndipo ikakula nambala ndiye kuti citeteza kwambiri.

Msinkhu ndiwo ubvuta anthu. Gilandi ali yense apangidwira waya wa kunenepa kwakuti kufikira kwakuti, ndipo zimenezi zilembedwa m'mamilimita pa thumba lace. Wogula acita bwino kudula kacidutswa ka waya wace ndi kupita nako ku sitolo, m'malo mongoyerekeza ndi maso. Gilandi akakula, ena akulunga tepi pa waya kuti adzaze mpata, koma tepiyo isungunuka ndi dzuwa, waya nayamba kutereraterera. Akacepa, ena asenda khungu lakunja kuti waya alowe, ndipo kutero nkucotsa cinthu comwe copanira cinayenera kugwira. Khungu lakunja lilowe m'bokosi lathunthu, lionekere m'kati monga kutalika kwa cikhadabo, ndipo kusenda kuyambire pamenepo. Pa gilandi mmodzi palowe waya mmodzi. Awiri akapanikizidwa pamodzi, mmodzi agwidwa, mnzace angolendewera, ndipo pakati pao pasiyika njira ya madzi. Atamanga, mwini akoke waya ndi dzanja mwamphamvu ndithu. Akasuntha ngakhale pang'ono, nchito sinathe.

Cibowo cikhale pansi pa bokosi, si pamwamba ai. Waya atsike pang'ono kupitirira bokosi asanakwere kulowa m'cibowo, kuti madzi otsata waya adonthere pansi.

Kucokera pa bokosi, waya ayenda m'mbali mwa citsulo kapena thabwa la ngolo, ndipo apanso afuna comugwira. Misomali yopinda ndi waya womangira mabelo ziri ponseponse, nzaulere, ndipo ndizo zoononga koposa, pakuti citsulo cosabvala cidya khungu la waya pamalo pomwe cagwira. Zoyenera ndi tizitsulo topindika ngati cibangili, tokhala ndi mphira m'kati, timene timangidwa ndi bawuti mmodzi. Tiikidwe motalikirana masentimita 30 kapena 40, kuti waya asalendewere ndi kukwapula citsulo. Timalamba ta pulasitiki tomangira mawaya tithandiza, koma toyera tiuma ndi dzuwa ndi kuthyoka. Takuda topangidwira panja ndito tikhalitsa. Malegeni, amene pamudzi amanga nao ciri conse kuyambira katundu wa panjinga kufikira mpini wosweka, sayenera kunyozedwa: kacidutswa kace kakhoza kukhala mtsamiro pakati pa waya ndi citsulo. Koma kumanga nao waya kwa caka conse ai, cifukwa dzuwa ndi mafuta ziwaoletsa. Pamene waya adutsa m'cibowo ca citsulo ca ngolo, pabvekedwe mphira yozungulira, kapena kacidutswa ka paipi yothirira. Pakati pa thirakitala ndi tilela waya akhale ndi mpata wokwanira kukhota, koma wosakwekwereza pansi.

Pa mitu ya batire, zopanira za mano ngati a ng'ona ziri ndi malo ace: nzoyambitsira galimoto kapena kucajira kanthawi kocepa. Pa ngolo yoyenda zidumpha, ndipo podumphapo pathetheka moto. Batire ya madzi itulutsa mpweya woyaka pamene iri kucajidwa, kotero kuthetheka kumodzi pafupi ndi zitsekero zace kukhoza kuiphulitsa, asidi namwazikira m'maso mwa munthu. Pafunika zopanira zomanga ndi bawuti, za msinkhu wa mutu wa batireyo, pokumbukira kuti mutu wa cizindikiro ca + ndi wonenepa pang'ono kuposa mnzace. Batire yomwe imangidwe zolimba kuti isayendeyende. Pa waya wofiira, pafupi kwambiri ndi batire, paikidwe fyuzi ya msinkhu woyenera wayayo. Copanira ciletsa ngozi kuyamba. Fyuzi ndiyo idula magetsi ngozi ikayamba. Wobwezera fyuzi yopsa ndi msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya wacotsa mlonda pakhomo.

Za waya mwini mau ndi ocepa. Akhale wa timawaya tambiri tating'ono m'kati, pakuti wa mtima umodzi wolimba athyoka ndi kugwedezeka. Wogula apale kansonga ndi mpeni: pakaoneka poyera pansi pa kufiira, ameneyo ndi aluminiyamu wopakidwa mkuwa, wotentha msanga ndi wosalimba m'zopanira.

Nkhani isintha ngati pa ngolo pali inveta, makina osandutsa magetsi a batire kukhala mavoti 230. Pamenepo waya wopalika akakhudza citsulo, ngolo yonse ikhoza kugwira magetsi, ndipo mwana wosabvala nsapato woimirira pa cinyontho ca kudimba, kapena ng'ombe iri m'goli, ikhoza kufa. Nchito yotere si ya munthu wongoonera kwa anzace. Aitanidwe mmisiri wophunzira, monga amene aphunzitsidwa ku Chipata Trades Training Institute, amene adziwa kulumikiza bokosi ndi citsulo ca ngolo ku waya wa nthaka ndi kuika cozimitsa cokha magetsi akatayika.

Nyengo yogulitsa zokolola isanayambe, ndiponso mvula isanagwe, mwini ngolo acotse waya wakuda pa batire poyamba, kenaka atsate waya yense ndi zala kucokera ku batire kufikira ku nyali kapena pampu, nafunafuna popalika, pouma ndi podyedwa ndi makoswe. Amange mabawuti onse omasuka, acotse dzimbiri loyera pa mitu ya batire. Atabwezera waya wakuda ndi kuyendetsa pampu theka la ola, azime, nakhudze polumikiza ponse pa mbali ya batire ndi kunja kwa dzanja. Pamene pafunda kuposa panzace, pamenepo pamasulidwe ndi kumangidwanso ngolo isanasenze thumba ngakhale limodzi.