Nyumba yozizira mu Okutobala, yofunda mu Juni

Nyumba zambiri za ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri zimazunza eni ake kawiri pa chaka. Mu Okutobala ndi Novembala m'nyumba simugoneka, ana amangotembenuka ndi thukuta usiku wonse. Mu Juni ndi Julayi Chiperoni akatsika, nyumba yomweyo imazizira mpaka m'mafupa. Ambiri amathamangira kukagula fani, koma fani imadya mayunitsi a ESCOM, ndipo magetsi akathima imangokhala chokongoletsa pabalaza. Vuto lenileni limayambira pa kamangidwe.

Onani kaye kumene dzuwa limadutsa

Blantyre ali kumwera kwa dziko lapansi, choncho m'miyezi yozizira dzuwa limayenda chopendekera kumpoto, pamene m'miyezi yotentha limadutsa pamutu penipeni. Musanakumbe maziko, uzani amisiri kuti makoma aatali a nyumba ayang'ane kumpoto ndi kumwera, ndipo mawindo aakulu akhale kumpoto. Malata akatuluka kunja kwa khoma ndi theka la mita kapena kupitirira pang'ono, khoma lakumpotolo limakhala pamthunzi masana a Okutobala, koma mu Juni dzuwa limalowa pansi pa malatawo n'kufunditsa pabalaza popanda kulipira kalikonse.

Mdani wamkulu ndi dzuwa lamadzulo. Limabwera chammbali, ndipo malata otuluka saliletsa. Chipinda chogona chikakhala kumadzulo ndi windo lalikulu, khoma limamwa moto masana onse n'kumautulutsa usiku inu mutagona. Kumadzulo ikani bafa, chimbudzi kapena chipinda chosungira katundu. Poloti ikakhala yopanikizika, monga zilili m'malo ambiri ku Ndirande, windo lakumadzulo lichepe ndipo patsogolo pake pakhale khonde kapena mtengo.

Denga

Apa ndiye pagona nkhani. Kutentha kochuluka kumalowera kudenga. Masiku ano kwabwera fashoni ya malata akuda ndi ofiirira kwambiri, ndipo pamaso amakongoladi, koma chakuda chimamwa dzuwa. Malata oyera kapena owala amabweza dzuwa lambiri. Ngati munakhoma kale akuda kapena anachita dzimbiri, penti yoyera ya malata ithandiza.

Nyumba yopanda siling'i imatentha masana, imazizira msanga usiku, ndipo m'mawa wa Juni malata amadontha mame pabulangete. Ndalama ya mabodi ikasowa, mphasa za bango zokhomeredwa kunsi kwa mapaso zimagwira ntchito ndithu. Pakati pa mphasa ndi malata pakhale mpata, ndipo kumapeto onse awiri a denga musiye mabowo oti mpweya wotentha uzitulukira. Mawaya amagetsi odutsa pamenepo akhale m'mapaipi ake, chifukwa bango silichedwa kuyaka.

Malata otuluka kunja amatetezanso khoma ku mvula, makamaka la zidina, lomwe likanyowa limafewa. Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndi zimene zinachitika ku Chilobwe, kunsi kwa phiri la Soche. Koma denga lotuluka limakokanso mphepo, ndiye mapaso amangiriridwe kukhoma ndi waya wolimba wolowa m'mizere ingapo ya njerwa. Kusanjika miyala pamwamba pa malata si kumanga denga. Kumtunda kwa nyumba kumbani ngalande yopatutsa madzi a mvula.

Mpweya ulowe, utulukenso

Windo limodzi silokwanira. Mpweya umafuna polowera ndi potulukira, choncho chipinda chikhale ndi mawindo kumakoma awiri, kapena windo ndi kabowo pamwamba pa chitseko. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba. N'chifukwa chake amisiri akale ankasiya mabowo pamwamba pa mawindo. Tikamayendera makomo timapeza mabowowo atatsekedwa ndi sanza ndi nyuzipepala poopa udzudzu. Chotsani sanzazo, mukhomepo kaukonde kawaya. Mpanda wanjerwa wautali womangidwa mogundana ndi windo nawonso umatsekereza mphepo. Siyani mpata, kapena mizere yapamwamba ikhale ya njerwa zamabowo.

Chiperoni amachokera kumwera chakum'mawa, mbali ya Mozambique, ndiye mawindo a mbali imeneyo akhale otsekeka bwino. Kaya kuzizire chotani, musagone ndi mbaula yamakala m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umapha munthu ali m'tulo.

Kwa amene muli palendi

Simungagwetse khoma la eni nyumba, koma zina mungathe. M'nyengo yotentha phikirani panja. Mphasa yopachika kunja kwa windo lakumadzulo iposa katani yamkati, chifukwa katani imaletsa dzuwa litalowa kale pagalasi. Masana tsekani mbali imene kuli dzuwa, madzulo kukazizira mutsegule mbali zonse kuti makoma apole musanagone. Kambiranani ndi alandilodi zopaka laimu kunja kwa khoma, mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi penti.

Malo akapezeka, bzalani mtengo kumadzulo. Mango ndi mapeyala akhale patali ndithu ndi maziko chifukwa cha mizu. Pamalo opanikizika papaya, nthochi kapena magalagadeya oyanga pathandala zikwanira.