MKANJO WA UTSOGOLERI PAKATI PA A KLINGON

Phunziro lathu likuchokera m'nthano zapakanema zotchedwa Star Trek, zimene Gene Roddenberry adaziyambitsa ku America m'chaka cha 1966. M'nthanomo muli mtundu wopeka wa anthu okonda nkhondo, a Klingon, okhala kudziko lakuthambo lotchedwa Qo'noS.

Maina ndi maudindo

Kwa a Klingon munthu amadziwika ndi dzina la bambo wake. Worf, mwachitsanzo, amatchedwa mwana wa Mogh. Akuluakulu a mabanja otchuka amakhala m'Bwalo Lalikulu, ndipo mkulu wa bwalolo, wotchedwa Chancellor, ndiye amalamulira mtundu wonse. Ulipo udindo wina wa Mfumu ya Mafumu, umene adauyambitsa Kahless, koma pamene adaubwezeretsa m'gawo la 1993 udali waulemu chabe, wopanda mphamvu.

Kulowa m'malo

Mwambo wawo umalola wamng'ono kuputa mkulu wake amene waonetsa mantha kapena walephera ntchito. Akamupha pomenyana, udindo ndi wake. Kodi mwambowu umabala mtendere? Iyayi. M'gawo la 1990 Chancellor K'mpec adafa ndi poizoni. Posakhulupirira anthu ake, adapempha mlendo, Kaputeni Picard, kuti ayendetse mwambo wosankha pakati pa Duras ndi Gowron. Duras adaphedwa, mpando nkugwera Gowron, koma alongo ake a Duras, Lursa ndi B'Etor, adautsa nkhondo yapachiweniweni.

Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'gawo la 1999 Gowron adachita nsanje ndi kazembe wankhondo Martok, nayamba kumutuma kunkhondo zosatheka kupambana kuti amuchititse manyazi. Asilikali ambiri adafera nsanje ya munthu mmodzi. Worf adamudzudzula poyera, adamenyana, ndipo Gowron adafa.

Apa ndiye pagona phunziro. Worf atavekedwa mkanjo wa Chancellor, adauvula nauveka Martok, mwana wa banja losauka, podziwa kuti iyeyo ndiye akadatha kugwirizanitsa mtundu. Gowron adataya anthu pofuna kusunga mpando. Worf adataya mpando pofuna kusunga anthu.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Nchifukwa chiyani K'mpec adakhulupirira mlendo koposa abale ake?
2. Martok akadabwezera Gowron yekha, mtundu ukadamuona bwanji?
3. Inu mutapatsidwa udindo pamene pali mnzanu woutha bwino koposa inu, mungatani?