Phunziro: Eni Nyumba za Lendi m'Boma la Mchinji ndi Nkhani ya Kutulutsa Anthu m'Nyumba

Pa Mchinji Boma, pa Kamwendo, pa Mkanda, pa Kapiri ndi pa Waliranji, anthu ambiri amene anapata ndalama pogulitsa mtedza, soya kapena fodya, ngakhalenso amene analandira zopumira pa ntchito, anaziika m'njerwa ndi m'malata. Ena anamanga midadada, ena nyumba zoima pazokha, onse poyembekezera kuti lendi idzawasunga mwezi ndi mwezi kufikira ukalamba. Chiyembekezo chimenechi chimagwedezeka tsiku limene wokhala m'nyumba waleka kulipira. Mwini nyumba amatsala ndi funso lovuta: amtulutse kapena amdikire? Phunziro lino likufotokoza mmene msika wa nyumba za lendi ulili m'boma la kumudzi ngati lino, zimene mwini nyumba amataya akatulutsa munthu, zimene lamulo limalola, ndi zimene angachite kuti nkhani isafike pamenepo.

Kukula kwa msika

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu 602,305 m'boma la Mchinji, koma okhala pa Boma penipeni anali pafupifupi 28,000 okha. Ambiri mwa otsalawo amakhala m'midzi, m'nyumba zawozawo, pa malo a makolo awo. Choncho ofuna nyumba ya lendi ndi ochepa ndipo amadziwika. Gulu loyamba ndi la olandira malipiro a pamwezi: aphunzitsi, anamwino, apolisi, alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, ogwira ntchito m'mabungwe, komanso ogwira ntchito pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, chimene maofesi ake atsopano anatsegulidwa mu Disembala 2022. Gulu lachiwiri ndi la odalira malonda a tsiku ndi tsiku: a magolosale, a kabaza, atelala, amisiri ndi ogulitsa mu msika. Gulu lachitatu ndi la obwera ndi nyengo, makamaka ogula mbewu, amene amafika zokolola zikayamba kuuma n'kunyamuka msika ukatha.

Gulu lililonse lili ndi chiopsezo chake. Wa malipiro a pamwezi amalipira mokhulupirika, koma akhoza kusamutsidwa mwadzidzidzi, ndipo ntchito za mabungwe zimakhala ndi tsiku lothera. Wamalonda amakhalitsa, koma thumba lake limadalira thumba la mlimi. Wogula mbewu amalipira bwino miyezi yochepa, kenaka chipinda chimatsala chopanda munthu. Mu mzinda wa Lilongwe, nyumba ikatuluka munthu, ofuna kulowamo sachedwa kupezeka. Pa malo ang'onoang'ono a zamalonda nyumba imatha kukhala miyezi ingapo ikudikira, makamaka ikatuluka munthu m'nyengo ya dzinja.

Ngongole imatsata nyengo

Ndalama za boma lino zimayenda ndi ulimi. Kuyambira mu Epulo, pamene misika ya fodya imatsegulidwa ndipo soya ndi mtedza zimayamba kugulitsidwa, kufikira cha mu Ogasiti, ndalama zimazungulira ndipo lendi imalipidwa popanda phokoso. Kuyambira mu Novembala, ndalama zimapita ku feteleza, ku mbewu ndi kwa aganyu. Mu Januwale mumabwera fizi, ndipo mu Febuluwale chimanga chimakhala chitakwera mtengo pamene nkhokwe zili mbee. Wagolosale amene makasitomala ake ndi alimi amaona malonda akutsika m'miyezi imeneyi, ndipo lendi ndiyo imayamba kutsalira.

Mwini nyumba amene amamvetsa zimenezi amatha kusiyanitsa munthu amene wapanikizika ndi nyengo ndi munthu amene wangoganiza zosalipira. Woyambayo amabwera yekha kudzafotokoza, amapereka kangachepe kamene wapeza, ndipo mbiri yake ya miyezi ya m'mbuyo imakhala yabwino. Wachiwiriyo amazemba, sayankha foni, ndipo ngongole yake imakula ngakhale m'nyengo ya zokolola. Anthu awiriwa safunika mankhwala ofanana.

Mavuto a chuma cha dziko afinya mbali zonse ziwiri. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Simenti, malata, penti ndi misomali zinakwera, kotero kukonza nyumba kunayamba kudya gawo lalikulu la lendi. Koma wokhala m'nyumba nayenso anakwereredwa chakudya ndi mayendedwe. Kukweza lendi kwambiri pa nthawi imodzi kumatha kusandutsa wolipira bwino kukhala wangongole.

Mtengo wa kutulutsa munthu

Chitsanzo chongoyerekezera chingathandize. Nyumba ndi ya K40,000 pamwezi, ndipo wokhalamo sanalipire Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Ngongole yafika K120,000. Mwini nyumba akamtulutsa kumayambiriro a Malichi, mwayi wolandira ndalamazo umachepa, pakuti munthu amene wachoka ndi mkwiyo, mwinanso wawolokera ku Chipata kapena wabwerera kwawo, savuta kusowa. Nyumba ikakhala miyezi iwiri yopanda munthu, K80,000 ina yapita. Pamwamba pake pali kupaka laimu, kusintha loko, kukonza mawindo, ndi bilu ya madzi imene mwina yasiyidwa. Zotayika zapitirira K200,000, ndiye kuti lendi ya miyezi isanu.

Koma akagwirizana molemba kuti kuyambira mu Epulo wokhalamo azilipira K60,000 pamwezi, ngongole yonse ya K120,000 imatha pa miyezi isanu ndi umodzi, nyumba ili ndi munthu woisamala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Izi sizitanthauza kuti mwini nyumba azidikira mpaka kalekale. Amene waphwanya ndondomeko yobwezera ngongole imene anasainira yekha, amene akuwononga nyumba, kapena amene wayamba kuchitiramo zosemphana ndi malamulo, ayenera kutuluka. Chofunika n'chakuti mwini nyumba awerengere kaye asanagamule, ndipo akagamula atsate njira yoyenera.

Zimene lamulo limanena

Gawo 28 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa munthu wokhala ndi katundu, ndipo nyumba ya lendi ndi katundu wa mwini wake. Gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo kuti pakhomo pake pasasechedwe ndi kuti katundu wake asalandidwe mwachisawawa. Gawo 41 limapereka kwa aliyense ufulu wopita ku khoti. Magawo atatuwa akawerengedwa pamodzi, phunziro lake ndi lomveka: mwini nyumba ali ndi ufulu wolandira lendi ndi wotenganso nyumba yake, koma pamene wokhalamo akukana kutuluka, woweruza ndi khoti.

Chizolowezi chozula chitseko, kusasula malata, kuika loko wachiwiri kapena kutaya katundu panja m'nyengo ya mvula chimatembenuza mlandu. Amene anali wodandaula amasanduka wodandauliridwa. Wotulutsidwa mwa njira yotere akhoza kukasuma kuti alipidwe pa katundu wowonongeka ndi pa kuvutitsidwa, ndipo pakakhala kumenyana kapena kuopseza, nkhaniyo imakafika kupolisi. Kugwira katundu wa munthu chifukwa cha ngongole ya lendi nakonso kuli ndi njira yake, yodzera kwa a sherifu. Mwini nyumba sayenera kunyamula yekha matiresi kapena mashini osokera a mnzake.

Njira yoyenera imayamba ndi kalata yokumbutsa ngongole, yotchula miyezi, kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku lomaliza kulipira. Ikalephereka, pamabwera kalata ya notisi. Pa lendi yolipidwa mwezi ndi mwezi, pamene mgwirizano sunanene zina, notisi isachepere mwezi wathunthu. Kalatayo ikhale ndi deti, iperekedwe pamaso pa mboni, ndipo mwini nyumba asunge kope lake. Nthawi ikatha munthuyo osatuluka, mwini nyumba apite ku khoti la majisitireti, kumene adzauzidwa ngati mlanduwo ungamvedwe pomwepo kapena ku khoti lalikulu, molingana ndi kuchuluka kwa ndalama ndi mtundu wa mlandu. Chigamulo chikatuluka, ochikwaniritsa ndi a sherifu. Amene sangathe kulipira loya, kaya ndi mwini nyumba kaya wokhalamo, akhoza kupempha thandizo ku bungwe la Legal Aid Bureau.

Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi makomiti a misika amathandiza kwambiri pa kuyanjanitsa, ndipo milandu yambiri imathera pamenepo popanda ndalama zambiri. Ntchito yawo ndi yothandiza anthu kumvana. Mphamvu yotulutsa munthu mokakamiza ilibe m'manja mwawo.

Kutchinga madzi akali m'nkhongono

Milandu yambiri ya lendi imabadwa tsiku lopereka makiyi. Mgwirizano wa pakamwa umaoneka wokwanira pamene anthu akusekererana, koma ku khoti umasanduka mawu a uyu ndi mawu a uyo. Tsamba limodzi, lolembedwa m'Chichewa, ndi lokwanira, malinga litchule maina a onse awiri, nyumba yake, lendi ya pamwezi, tsiku lolipira, dipoziti ndi mmene idzabwezedwere, wolipira madzi ndi magetsi, wokonza zowonongeka, kutalika kwa notisi, ndi nthawi imene lendi ingakwezedwe. Onse awiri asaine pamaso pa mboni, aliyense atenge kope lake.

Ndalama iliyonse ilembedwe. Buku la malisiti, kapena uthenga wa Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndi umboni woteteza mbali zonse. Pa mdadada pamene mabanja angapo amagwiritsa ntchito mita imodzi ya ESCOM kapena mpopi umodzi, kagawidwe ka mayunitsi ndi bilu kalembedwe poyera, popeza mikangano yambiri imayambira pamenepo.

Tsiku lolipira ligwirizane ndi nthawi imene munthu amapeza ndalama. Wogwira ntchito m'boma apatsidwe masiku oyambirira a mwezi wotsatira, kuti malipiro akachedwa asasanduke wangongole. Wamalonda wodalira alimi angathe kulipiriratu miyezi ingapo mu Juni kapena Julaye, pamene ndalama zilipo, kuti dzinja limupeze alibe nkhawa. Wogula mbewu alipire nthawi yonse imene akhale asanalowe. Mwini nyumba nayenso asunge gawo la lendi ya miyezi yabwino kuti akonzere denga mvula isanagwe, pakuti nyumba yodontha imapatsa wokhalamo chifukwa chokanira kulipira.

Umwini ukhale wodziwika

Mwini nyumba amene umwini wake uli wokayikitsa amavutika kutulutsa munthu ngakhale ngongole ili yoonekeratu. Mapuloti ambiri pa malo a zamalonda anagulidwa pakamwa. Lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 linatsegula njira yoti munthu alembetse malo ake kudzera m'makomiti a za malo, ndipo ofesi ya za malo ku khonsolo imalangiza za njira yoyenera puloti iliyonse.

Vuto lina limabuka mwini nyumba akamwalira. Mkazi wamasiye, ana ndi achibale amatha kufika aliyense payekha kudzatenga lendi, ndipo wokhalamo, posadziwa woti amupatse, amaleka kulipira. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Kulemba wilo kumachotsa chisokonezo chotere. Pamene wilo palibe, banja lifunse ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma, ndipo wokhala m'nyumba adziwitsidwe molemba za munthu wovomerezeka kulandira lendi.

Mafunso okambirana m'makomiti a ADC ndi VDC

1. Ndi miyezi iti imene ngongole za lendi zimachuluka m'dera lino, ndipo masiku olipira angasinthidwe bwanji kuti agwirizane ndi nyengo ya zokolola?
2. Mwa eni nyumba a pa malo a zamalonda apafupi, ndi angati ali ndi mgwirizano wolembedwa, ndipo otsalawo chikuwaletsa n'chiyani?
3. Mfumu kapena komiti ikalandira dandaulo loti munthu wazuliridwa chitseko chifukwa cha ngongole, iyenera kulangiza chiyani kwa mwini nyumba, nanga kwa wokhalamo?