Pakhonde pa Azakhali: Akuti ndi Magazi a Nkhunzi

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 29, wa ana awiri, ndimakhala kufupi ndi Ngabu. Amuna anga amadula nzimbe. Mtima ukakhala m'malo ndi munthu wanthabwala, mpaka madzi amanditungira. Koma akapsa mtima mbale zimauluka, galu amakagona kwa aneba, ndipo mwezi watha anandimenya mbama chifukwa ndiwo zinachepa mchere. Kutacha anapepesa, n'kunena kuti si iwo koma magazi: bambo awo anali otero, agogo awo chimodzimodzi, ndipo mwamuna weniweni ali ngati nkhunzi kapena mvuu, saseweredwa. Akutinso dzuwa la kuchigwa kuno limawiritsa mutu. Apongozi akuti banja ndi kupirira. Tsopano mwana wanga wamwamuna wa zaka 6 wayamba kukuntha mlongo wake. Kodi ukali ndi chibadwa chosasinthika?

Wothedwa nzeru, Ngabu

Mwana wanga,

Khala pamkekapa, umwe madzi kaye. Ndiye kuti mkamwini wangayo ndi nkhunzi? Chabwino. Ukamufunse ngati akudziwa zomwe alimi a ng'ombe a pa Ngabu pomwepo amachita ndi nkhunzi yovuta. Amaifula, n'kuimanga pangolo kuti izikoka thonje. Ngati akufunitsitsa udindo wa nkhunzi, alandirenso malamulo a m'khola.

Koma usaseke kwambiri, chifukwa m'bodza lakelo muli kachoonadi. M'thupi la mwamuna, la nkhunzi ndi la tambala muli mphamvu ina yotchedwa testosterone, yomwe yambiri imapangidwa kumene amafulako. N'chifukwa chake ng'ombe yofula imafatsa. Komabe amene amaweta akuuza kuti ngakhale yofula, ikazolowera kugunda, imagundabe. Testosterone ili ngati mphepo ya pamoto: imakoleza pomwe payaka kale, koma siisankha nyumba yoti ipse.

Za dzuwanso sakunama kwenikweni. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Ngabu, Nchalo ndi Bangula kumadutsa madigiri 40, ndipo akatswiri m'mayiko ambiri anapeza kuti ndewu zimachuluka nyengo yotentha. Munthu sanagone chifukwa cha thukuta ndi udzudzu, m'mimba mulibe kanthu, tsiku lonse wawerama ndi chikwanje, mtima umafupikadi. Koma iwe kodi dzuwalo limakulambalala? Si iwe umakhala pamafuwa masana, mwana kumsana, utsi m'maso? Wamenyapo ndani?

Tiye m'mutu mwake tikaone. Mkati mwa ubongo muli kachiwalo kakang'ono kotchedwa amygdala, komwe ndi mlonda wa pakhomo. Kakangoona choopsa kapena chonyoza kamakuwa, mtima n'kuyamba kugunda mofulumira, manja n'kuuma, thupi n'kukonzekera kumenya kapena kuthawa. Galu ali nako, mbuzi ili nako, inenso ndili nako, funsa amalume ako. Koma kuseri kwa chipumi kuli mbali ina ya ubongo yomwe ili ngati ankhoswe: imamva kukuwa kwa mlonda n'kunena kuti dikira, tiunike kaye. Mbali imeneyi imachedwa kukhwima, imafika pake munthu akamayandikira zaka 25, n'chifukwa chake anyamata amatulutsirana mipeni pa nkhani ya mpira. Ndiponso ndi imene imayamba kugona kachasu akalowa. Sunandiuze ngati mkamwini amamwa, koma mphuno yanga yakalamba ikununkhiza.

Tsono funso langa ndi ili, ndipo uliyankhe wekha usiku uno. Kumunda kwa nzimbe kuja, kapitawo akamukalipira pamaso pa anzake, anayamba wamumenyapo mbama? Wapolisi wa pamsewu akamuimitsa ndi njinga yake, mbale zimauluka? Ayi. Amavula chipewa, "bwana, bwana", mano onse panja. Ndiye kuti ankhoswe a m'mutu mwake ali moyo, amagwira ntchito bwinobwino. Amangowapatsa tchuthi akafika pakhomo pako. Ukali wodziwa kusankha wamphamvu ndi wofooka ndi ukali wochenjera. Robert Sapolsky, wa ku America, amene anakhala zaka zambiri akuonerera anyani ku Kenya, anaona zomwezi: nyani wamwamuna akagonja kwa mnzake wamkulu, amatembenuka n'kukaluma wamng'ono kapena wamkazi amene amangodzidyera zake. Choncho ngati mkamwini akufuna nyama yofanana naye, asathamangire mvuu. Ayambe wayang'ana anyani a ku Lengwe.

Mvuuyonso akuinamizira. Asodzi a ku Elephant Marsh amaidziwa bwino. Mvuu imadya udzu, munthu siimudya. Imagubuduza bwato likalowa m'dziwe lomwe yamphongo imalonda, kapena likapita pakati pa mayi ndi mwana wake, ndipo pamtunda imaopsa ukaitsekera njira yobwerera kumadzi. Ukali wake uli ndi chifukwa: malo, mwana, mantha. Ng'ona ndiye nkhani ina. Ikagwira munthu padooko siinakwiye, ikusaka chakudya, mtima uli zii. Ngakhale mu ubongo, njira ya kusaka ndi njira ya kulusa podziteteza n'zosiyana. Nanga mkamwini ali mbali iti? Mchere wochepa unamulanda dziwe? Nkhuku ya anapiye imalimbana ndi mphamba kuteteza ana ake, pomwe iye akuopseza anapiye a m'khola lake lomwe.

Pa za magazi a bambo ake, mvera nkhani ya njovu. Ku South Africa kuli nkhalango ya Pilanesberg. Kumeneko anapititsako ana a njovu amasiye ochokera ku Kruger, amene makolo awo anaphedwa pochepetsa chiwerengero cha njovu. Anawo anakula okha, popanda wamkulu. Njovu yamphongo ikakula imakhala ndi nyengo yotchedwa musth, pomwe testosterone imakwera kwambiri, madzi amatuluka pakati pa diso ndi khutu, ndipo imalusa. Amasiye aja anayamba kulowa nyengoyi adakali achichepere, n'kumakhalamo nthawi yaitali. Zotsatira zake, pakati pa 1992 ndi 1997 anapha zipembere zoposa 40, chinthu chomwe njovu zoleredwa bwino sizichitachita. Mu 1998 oyang'anira nkhalango anabweretsa njovu zamphongo zikuluzikulu 6 kuchokera ku Kruger komweko. Anyamata aja ataona akuluakulu, musth inawathera msanga, ndipo kupha zipembere kunaleka. Magazi anali omwewo, thupi lomwelo, koma kukhala pafupi ndi wamkulu wodekha kunatsitsa moto m'thupi mwenimwenimo. Tsiku lina mukadzapeza ya basi mukaone njovu ku Majete, komwe bungwe la African Parks lakhala likusamala kuyambira 2003, mukaone mmene gulu limayendera mwakachetechete pambuyo pa mayi wamkulu.

Anthufe n'chimodzimodzi. Ena amabadwadi ndi mtima wapachala, monga ena amabadwa aatali. Koma kumenya mkazi mwana amakuphunzira ndi maso. Mkamwini anaona dzanja la bambo ake likutera pa mayi ake, omwewo amene lero akukuuza kuti upirire, n'kuganiza kuti umuna ndi umenewo. Chimene akuchitcha magazi ndi sukulu, ndipo mwana wako wa zaka 6 walembetsa kale sitandade 1. Apa ndiye sindikuseka. Kuwongola mtengo m'poyamba.

Palinso china chomwe kuchigwa kuno sitichitchula. Madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anakokolola minda, mbuzi ndi nyumba, ena anagona m'mitengo, ena anataya abale. Munthu amene wadutsa m'zoterezi mlonda wa m'mutu mwake amakhala tcheru usana ndi usiku, amadzidzimuka ndi kanthu kakang'ono, tulo sabwera. Ngati ukali wa mkamwini unakula pambuyo pa madzi, apite kuchipatala cha Ngabu kapena cha boma ku Chikwawa akafotokoze, awalozere kwa oona za maganizo. Si misala, ndi bala losaoneka. Koma bala lake lisasanduke bala lako.

Ndiye chita izi. Usakambe naye atakwiya kapena atamwa, chifukwa pamenepo ankhoswe a m'mutu atseka ofesi. Itana ankhoswe enieni a mbali zonse ziwiri, ndipo unene mawu oti "anandimenya" momveka, osati "tinasemphana pang'ono". Pakati pa abale ake kapena akumpingo, pezani njovu yaikulu, bambo wodekha amene iye amamuopa ndi kumulemekeza, azikhala naye pafupi. Iyeyo aphunzire kuti akamva mtima ukugunda ndi manja akuuma atuluke, akazungulire mudzi, abwere thupi litazizira. Mowa auchepetse kapena ausiye. Mwana wakonso umuletse kukuntha mlongo wake, koma osati ndi chikwapu, chifukwa ukatero ukhala mphunzitsi wachiwiri pasukulu yomwe ija.

Apongozi uwauze mwaulemu kuti kupirira timapirira njala, pamodzi, tikudya nyika za m'madambo. Mbama siipiriridwa. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006, ndipo silinena kuti kupatula kotentha. Dzanja likadzakwezedwanso, kapena akadzakuopseza ndi chikwanje chake chija, usadikire kupepesa kwa m'mawa. Tenga ana, pita kwa abale ako, kenako ku Victim Support Unit kupolisi yapafupi, ndipo ngati wavulala upite kuchipatala akakulembere kalata. Chitupa chako, mabuku a kusikelo a ana ndi kandalama ka basi uzisunge kwa mnzako wodalirika kuyambira lero.

Undilemberenso mwezi wa mawa, undiuze zomwe nkhunzi yayankha pa nkhani ya ngolo ija.

Ndine Azakhali ako