PHUNZIRO LA SAYANSI: MPANDO WONAMIZA THUPI

Mau oyamba

M'phunziro lino tikambirana za mpando umene suchoka pamalo pake, koma wokhalapo amamva ngati ali m'galimoto yothamanga. Mpando wotere umatchedwa simuleta, ndiye kuti makina otsanzira. Anthu okonda masewero a mpikisano wa galimoto a pa kompyuta amagula mipando imeneyi pa mtengo wokwera zedi, koma ena amadzipangira okha pakhomo ndi zitsulo zakale za galimoto. Mwina wina afunsa kuti: "Nanga zamasewerazi zitithandiza chiyani ife a pasukulu?" Yankho ndi lakuti mumpandowu muli maphunziro atatu amene timakumana nawo m'kalasi, ndiwo Bayoloje, Fizikisi ndi Masamu. Komanso munthu woupanga mosasamala angathe kudula zala kapena kuyatsa moto m'nyumba. Tsono tiyeni tione bwino kumene udachokera, m'mene umagwirira ntchito, kamangidwe kake ndi kachunidwe kake.

1. Kumene zidachokera

Simuleta idayambira ku ndege osati ku galimoto. M'chaka cha 1929, Edwin Link wa mumzinda wa Binghamton ku New York adapanga kabokosi kophunzitsira oyendetsa ndege ali pansi. Bambo ake adali ndi fakitale yopanga malimba, choncho iye adatenga mivukuto yopopera mpweya m'limba nkuisandutsa yopendeketsa kabokosiko. Poyamba anthu adakayesa choseweretsa. Koma mu 1934, oyendetsa ndege a usilikali angapo atafa ponyamula makalata usiku ndi m'nyengo yoipa, boma la America lidagula makina asanu ndi limodzi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse makina oposa 10,000 adapangidwa.

Ku England, mu 1954, Eric Gough adapanga chitsulo cha miyendo isanu ndi umodzi choyesera matayala, ndipo mu 1965 D. Stewart adalemba za makina ofanana nawo ophunzitsira ndege. Miyendo imeneyi imasuntha mpando m'njira zisanu ndi imodzi: kutsogolo ndi kumbuyo, kumbali, m'mwamba ndi pansi, kuwerama ndi kugadama, kupendekera kumbali, ndi kuzungulira. Ku masewero, kampani ya Sega ya ku Japan idatulutsa Out Run mu 1986, masewero amene mpando wake unkagwedezeka galimoto ikakhota. Mu 2009 akulu a mpikisano wa Formula 1 adaletsa kuyesa galimoto pabwalo m'kati mwa chaka, ndipo matimu adayamba kudalira kwambiri masimuleta. Jann Mardenborough wa ku Britain adapambana mpikisano wa masewero wa GT Academy mu 2011, ndipo mu 2013 adakhala nambala yachitatu m'gulu lake pa mpikisano weniweni wa maola 24 ku Le Mans.

2. Khutu ndilo limanamizidwa

Khutu silongomvera mau okha ai. M'kati mwake muli timachubu titatu topindika todzaza ndi madzi. Mutu ukatembenuka, madziwo amatsalira m'mbuyo nkukankha timatsitsi ting'onoting'ono, ndipo ubongo umadziwa kuti tatembenuka. Pambali pa timachubuti pali timatumba tiwiri tokhala ndi timiyala ta laimu. Timiyalati timatiuza ngati tapendeka, kapena ngati liwiro lathu likusintha.

Apa pali mfundo ziwiri zofunika kuzisunga. Yoyamba, thupi silimva liwiro, limamva kusintha kwa liwiro basi. Basi ikamayenda mosasintha pamseu wosalala mutha kugona tulo, koma dalaivala akaponda buleki nonse mumagwera kutsogolo. Yachiwiri, timiyala tija sititha kusiyanitsa kupendeka ndi kusintha kwa liwiro. Munthu akatseka maso, mpando wake nkugadamitsidwa pang'onopang'ono, amamva ngati galimoto ikunyamuka, poti msana wake ukukanikiza mpando monga zimachitikira ponyamuka. Nzeru yonse ya simuleta yagona pamenepa. Maso aona galimoto ikuthamanga pa kanema, khutu lamva kukankhidwa, ndiye ubongo umakhulupirira.

Chotero malamulo a kapendekedwe ndi awa. Galimoto ikamanyamuka, mpando ugadame. Ikamagwira buleki, mpando uwerame. Ikamakhotera kumanzere, mpando upendekere kumanja, pakuti thupi limaponyedwa kunja kwa kona.

3. Masamu ake

Mphamvu imene wokhala pampando amamva imapezeka pochulukitsa kulemera kwake ndi sine ya madigiri amene mpando wapendeka. Sine ya madigiri 10 ndi 0.17. Tsono mnyamata wolemera makilogalamu 60 adzamva ngati akukankhidwa ndi katundu wa makilogalamu 10. Sine ya madigiri 30 ndi 0.5, ndiye kuti theka la kulemera kwake. Ngakhale mpando utagona chagada pa madigiri 90, mphamvuyo singapose kulemera kwa munthuyo. Koma woyendetsa galimoto ya Formula 1 akaponda buleki molimba amamva mphamvu yokwana kulemera kwake kasanu. Apa tikuona kuti palibe mpando wa panyumba umene ungapereke mphamvu yeniyeni ya galimoto. Ntchito yake ndi kungotsina khutu, osati kugwetsa munthu. Ambiri amayamba ndi maganizo akuti mpando wolumpha kwambiri ndiwo wabwino, koma masamu akutsutsa zimenezo.

4. Zipangizo zofunika

Mpando wosavuta kupanga ndi wa mamota awiri, umene umawerama, kugadama ndi kupendekera kumbali. Zofunika ndi izi:

(a) Mpando wa galimoto wopepuka, pamodzi ndi lamba wake.

(b) Mafelemu awiri a chitsulo, lapansi losasuntha ndi lapamwamba lonyamula mpando.

(c) Mfundo ya chitsulo yotchedwa universal joint, yochotsedwa pa shafuti ya pansi pa galimoto. Imalola felemu lapamwamba kupendekera mbali zonse koma osazungulira.

(d) Mamota awiri a waipa, aja opukuta galasi mvula ikamagwa. Amayendera mavolti 12 ndipo magiya ake amachepetsa liwiro nkuonjezera mphamvu.

(e) Mapotentiometer awiri. Kameneka nkachipangizo konga kaja kokweza ndi kutsitsa mau pa wailesi. Kamamangidwa ku mota kuti kaziuza pamene mkono wa motayo wafika.

(f) Kabolodi ka Arduino, kamene kadayamba kupangidwa mu 2005 ku Ivrea m'dziko la Italy.

(g) Bolodi la H-bridge. Arduino imatulutsa mavolti 5 ndi mphamvu yochepa kwambiri, yosatha kuyendetsa mota. H-bridge ili ndi maswichi anayi oikidwa ngati chilembo cha H, amene amatembenuza magetsi kuti mota ipite kutsogolo kapena kubwerera.

(h) Gwero la magetsi a mavolti 12, mawaya okhuthala, fiyuzi ndi swichi yaikulu yozimitsira.

(i) Kompyuta, chiwongolero, mapedulo, masewero otulutsa manambala monga Assetto Corsa kapena Live for Speed, ndi pulogalamu monga SimTools kapena SimHub.

Uthenga umayenda motere. Masewero amatulutsa manambala osonyeza m'mene galimoto ikukankhidwira, ena mpaka ka 60 pa sekondi. Pulogalamu imasandutsa manambalawo kukhala malo amene mota iliyonse iyenera kufika. Arduino imafanizira malowo ndi zimene potentiometer ikunena, kenaka imalamula H-bridge kuyendetsa mota mpaka ziwirizo zitagwirizana.

5. Kamangidwe

Choyamba ndi kupeza pakati pa kulemera. Mangani mpando, chiwongolero ndi mapedulo pa felemu lapamwamba. Ikani paipi yozungulira pansi pa felemulo, woyendetsa akhale pampando, ndipo mnzake azisuntha paipiyo mpaka mpando usagwere kutsogolo kapena kumbuyo. Chongani pamenepo ndi choko, ndipo mfundo ija iwotcheredwe pomwepo. Ntchitoyi munthu sangaigwire yekha, paja mutu umodzi susenza denga. Mukalakwitsa apa, mamota azinyamula munthu nthawi zonse, azitentha, ndipo sachedwa kupsa.

Chachiwiri, mangani mamota kumbuyo kwa mpando, wina kumanja wina kumanzere. Mota iliyonse ikhale ndi kamkono kachitsulo, ndipo ndodo ichoke pa kamkonoko kukafika kumsana kwa mpando, pafupi ndi phewa. Mikono yonse ikakwera, mpando umawerama. Yonse ikatsika, umagadama. Wina ukakwera wina nkutsika, mpando umapendekera kumbali.

Kutalika kwa kamkono kuli ndi masamu ake. Tiyerekeze kuti mota ili ndi mphamvu yopotokola ya 20 Nm. Pa mkono wa masentimita 5, ndiye kuti 0.05 ya mita, tigawa 20 ndi 0.05 nkupeza 400 N, mphamvu yonyamula makilogalamu pafupifupi 40. Mkono ukakhala wa masentimita 10, mphamvu imatsika kufika pa 200 N, ngakhale kuti mpando umasuntha mtunda wautali. Choncho mkono wamfupi ndi wamphamvu, wautali ndi wofooka.

Chachitatu, mamota ambiri a waipa ali ndi waya wina wolumikizidwa ku chigoba chake chachitsulo. M'galimoto zimenezi nzabwino. Koma pa simuleta magetsi amatembenuzidwa, ndiye mamota awiri omangidwa pa felemu limodzi amachita shoti ndi kuotcha H-bridge. Wayayo ayenera kuchotsedwa ku chigoba mota isanamangidwe.

6. Kuchuna

Mpando womangidwa bwino koma wosachunidwa uli ngati gitala yatsopano ya nsambo zolekera. Kuchuna kuli pawiri.

Mbali yoyamba ndi ya mota. Mu Arduino muli manambala atatu otchedwa P, I ndi D. P imati mota ikakhala kutali ndi pamene iyenera kufika, ikankhe mwamphamvu. P ikachepa mota imachita ulesi. Ikachuluka mota imapitirira malo ake, nkubwerera, nkupitiriranso, mpando nkumanjenjemera. D imagwira ntchito ya buleki mota ikamayandikira malo ake. I imamaliza kampata kakang'ono kotsala. Yambani popanda munthu pampando. Ikani I ndi D pa ziro, kwezani P pang'onopang'ono mpaka kunjenjemera kuyambe, kenaka itsitseni pang'ono ndi kuonjezera D. Mukatha, yesaninso munthu atakhalapo, chifukwa kulemera kumasintha zinthu.

Mbali yachiwiri ndi ya pulogalamu. Yatsani chinthu chimodzi chokha, monga buleki ndi kunyamuka, ndipo onetsetsani kuti mpando ukupita mbali yoyenera. Mukakhutira, zimitsani chimenecho ndi kuyesa makona, kenaka mabampu. Pomaliza phatikizani zonse, koma gawani ulendo wa mota kuti zonse pamodzi zisapose 100 peresenti. Zikaposa, mota imafika pamapeto msanga, ndipo buleki yaing'ono ndi yaikulu zimamveka chimodzimodzi. Sinthani nambala imodzi pa nthawi imodzi, yendetsani galimoto yomweyo pabwalo lomwelo, ndipo lembani m'kope zimene mwasintha. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Pali zinthu zina ziwiri zoyenera kuzidziwa. Mpando ukapendeka mofulumira, timachubu ta m'khutu timazindikira kuti uku nkutembenuka chabe, bodza lija nkuululika. Akatswiri a masimuleta a ndege amasunga kupendeka kotere pa madigiri atatu pa sekondi kapena kucheperapo. Pa galimoto zinthu zimachitika mwachangu, ndiye njira yabwino ndi kuchepetsa madigiri kuti mpando ufike msanga popanda kulumpha. Chinanso ndi kusalaza. Pulogalamu imatha kusalaza manambala kuti mpando usamadzidzimuke, koma kusalaza kwambiri kumachedwetsa mpando. Maso akaona kona, khutu nkuimva mochedwa, ziwirizi zimakangana ndipo munthu amamva chizungulire, thukuta ndi mseru.

7. Chenjezo

Magiya a mota ya waipa sabwerera chala chikapanidwa. Phimbani mikono ndi ndodo zonse, ndipo ana aang'ono asayandikire mpando ukuyenda. Swichi yozimitsira ikhale pamene dzanja la woyendetsa lingafike, ndipo idule magetsi a mamota enieniwo osati kompyuta yokha. Mota ikakanirira imakoka magetsi ochuluka, ndipo waya wowonda wopanda fiyuzi amasungunuka nkuyatsa moto. Magetsi a pakhoma amapha, choncho mbali imeneyo agwire ndi munthu wodziwa ntchitoyo. Kuwotcherera nakonso apatsidwe mmisiri. Safunsa adadya phula. Amene wayamba kumva mseru atsike nthawi yomweyo, asalimbikire.

Mau otsiriza

Taona kuti simuleta imadalira khutu limene silisiyanitsa kupendeka ndi kusintha kwa liwiro, kuti masamu amaika malire pa mphamvu imene mpando ungapereke, ndiponso kuti kuchuna modekha kumaposa kugula mamota akuluakulu. Makolo asafulumire kunena kuti mwana wotolera zitsulo akutaya nthawi, bola ngati sakuiwala makope ake ndipo pali wamkulu womuyang'anira. Ifenso anyamata tikumbuke kuti pa kompyuta galimoto ikagubuduka timangoyambanso, pamene pamseu weniweni palibe batani lotero. Luso la pa simuleta si laisensi.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Chifukwa chiyani munthu samva liwiro la basi yoyenda mosasintha?

2. Mtsikana wa makilogalamu 50 wakhala pampando wopendeka madigiri 30. Kodi akumva kukankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu angati?

3. Mota ya 20 Nm yaikidwa mkono wa masentimita 8. Pezani mphamvu yake.

4. Mpando ukunjenjemera ngakhale galimoto yaima. Ndi nambala iti imene mungayambe kusintha, ndipo chifukwa chiyani?